Mungathetse PACS panokha, osapita kukhoti

Achemwali, mwafunsa ngati mungathetse panokha PACS yanu ya ku France, mgwirizano wa mwalamulo wa anthu awiri okhalira limodzi osakwatirana, poti bambowo anasamukira ku Marseille ndipo sakuyankhanso foni. N'zotheka, ndipo kwa woweruza simupitako. Pezani commissaire de justice, munthu wovomerezeka ndi boma wopereka zikalata zamalamulo, amene kale ankatchedwa huissier. Iyeyo akapereka chidziwitso kwa bambowo, kenako atumiza kope ku mairie (ofesi ya khonsolo ya mzinda) kumene munalembetsa, osati kumene mukukhala panopa ayi. Kandalama kake mulipira ndithu. Mukanagwirizana, bwenzi mutangosaina fomu imodzi nonse awiri n'kuitumiza pa positi.

Chiyambire pa 1 Novembala 2017, ma mairie ndiwo akusunga zikalata za PACS, koma ngati munalembetsa kwa notaire (katswiri wa zamalamulo wolemba ndi kusunga zikalata za mapangano), kalatayo ipita kwa iyeyo.

Chondidetsa nkhawa ine ndi ngongole zapakhomo. Lendi imene inatsalira muli limodzi, mwininyumba angathe kukulondolani inuyo nokha kuti mulipire yonse, choncho malisiti aja musataye.