Bala linapola koma chala chachita dzanzi

Funso: Adokotala, miyezi iwiri yapitayo ndinadzitema ndi chikwanje pomangira wotchi. Anandisoka, bala linapola, koma chala chaching'ono sichimva kanthu ndipo dzanja likuonda. Kodi ndingodikira? Mlimi, Dedza.

Yankho: Musadikire, bambo. Zikuoneka kuti anasoka khungu, koma mtsempha wonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi dzanja unatsala chidukire. Wa mbali imeneyo amautcha ulnar. Ndi umene umamvetsa chala chaching'ono ndi theka la chinzake, komanso umayendetsa timinofu ta m'chikhatho. Pemphani kalata yokutumizani kwa madokotala a opaleshoni, monga ku Kamuzu Central.

Bala loyera, ngati la galasi, amalumikiza mtsempha wake pasanathe masiku atatu. Lauve kapena lonyenyeka amalitsuka n'kudikira milungu iwiri kapena itatu. Dokotala amayenga nsonga ziwiri za mtsempha wodukawo mpaka pabwino, n'kuziyang'anitsa kuti timitolo ta mkati tikumane ndi tinzake. Kenako amasoka chikutiro chakunja chokha, atavala magalasi okulitsa zinthu, ndi ulusi wa nayiloni wa 8-0 kapena 9-0, woonda kuposa tsitsi.

Vuto la kuchedwa lili apa: nsongazo zimafupika n'kutalikirana. Kuzikoka mokakamiza kumatsekereza magazi, mtsempha osaphuka. Zikatero amadula mtsempha wa kuseri kwa katumba wa mwendo, wotchedwa sural, n'kuuika ngati mlatho. M'mbali mwa phazi mumatsala dzanzi, koma kuyenda simusiya.

Kusoka sikuli ngati kulumikiza waya wa magetsi, kuti nthawi yomweyo nyale n'kuyaka. Mbali ya kumunsi imafota, ndipo mtsempha umamera mwatsopano pafupifupi milimita imodzi patsiku. Masentimita 15 okafika kunsonga ya chala ndi miyezi isanu kapena kuposa. Mnofu ukakhala miyezi 12 mpaka 18 osalandira uthenga subwereranso. Dokotala akamagogoda motsata mtsempha mumamva ngati shoko, ndipo malo a shokoyo akamasunthira kuzala mwezi ndi mwezi ndiye kuti ukumera. Akangokhala pamodzimodzi, pali kachotupa kowawa, mwina mtsempha waunjikana pa chipsera.

Pulasitala amakhala pafupifupi milungu itatu, kenako mafizo kuti zala zisaume. Fodya musiye, amachedwetsa kupola. Kwa akuluakulu mphamvu kawirikawiri sizibwerera zonse, ana ndi amene amachira bwino. Pakadali pano chenjerani ndi mbaula, poto ndi nsima yamoto: chalacho chingapse inu osadziwa, choncho muzichiyang'ana madzulo alionse.