Funsani Amalume: Bwalo la ana alikhoma zikhomo

Amalume, ine ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, bambo anga anachokera ku Dedza kalekale. Kuseri kwa laini yathu kuli bwalo lomwe ana amamenyerapo mpira, akamwalira wachikulire gule amatulukira pomwepo, chakumunsi kuli kadambo komwe azimayi timalimako chimanga ndi mbatata. Ndiye mwezi wathawu tangodzuka tapeza zikhomo, akuti pagawidwa masitandi, mapuloti omangapo nyumba. Mwana wa achimwene anga, wophunzira bwino ndithu, akuti tisadandaule, tauni imayenera kudzadza anthu azikhala pafupipafupi. Koma si kuthithikana komweku kunatibweretsera kolera?
Mayi wa ku Mufakose

Mayi, kolera sanabwere ndi kuthithikana kokha, ndiye pamenepo mwana wanuyo ali ndi mfundo. Matenda aja a 2008, omwe anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, anavuta kwambiri ku Budiriro ndi Glen View, ndipo 2018 anayambiranso komweko. Kumeneko si kumafulati ayi, ndi nyumba zapansi iliyonse ndi yadi yake. Chinavuta ndi mapaipi a suweji ophulika, pampopi pouma, anthu nkumatunga pachitsime chokumba pakhomo chomwe zonyansa zikulowamo pansi pansi. Anthu anachuluka koma paipi ndi yomweija yakale.

Ndipo tauni ino anaijambula dala choncho. Nthawi yomwe Harare inkatchedwa Salisbury azungu anatenga kumpoto, Mount Pleasant, Highlands, Borrowdale, mayadi akuluakulu, pakati nkuika mafakitale a Workington ndi Southerton, ife nkutiponya kummwera ndi kumadzulo. Mbare inayamba 1907. Mahositelo a Matapi ndi Nenyere ku Mbareko anamangira amuna antchito okhaokha, ambiri mwa iwo agogo athu ochokera ku Nyasaland ndi Mozambique, poganiza kuti munthu akakalamba abwerera kwawo. Sanabwerere. Lero lowani mu chipinda chimodzi mupeza mabanja awiri atagawana ndi katani, mbaula pakhomo, chimbudzi chimodzi kumapeto kwa kolido cha mzere wonse. Pamenepo vuto si kukwera m'mwamba kwa nyumba, ku Avenues, pafupi ndi pakati pa tauni, nakonso ndi mafulati koma banja lililonse ndi bafa lake, ntchito amapita wapansi, Harare Gardens ili pompo.

Kumwazika nakonso kuli ndi mtengo wake, funsani wa ku Chitungwiza kapena Norton ndalama imene kombi imamudyera pamwezi, ndi nthawi imene amadzuka. Nyumba zikamapita kutali ngati ku Hopley ndi Caledonia, msewu, madzi, sukulu, zonse zimatsalira m'mbuyo zaka ndi zaka. Komanso tisaiwale 2005, boma litagwetsa tinyumba takuseri pa ntchito yomwe linaitcha Murambatsvina, lipoti la United Nations la mayi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito. Anthu aja sanasowe, anangosunthira kunja kwa tauni kapena kukadzadzana kwa abale.

Koma apa ndiye ndisiyana naye mnyamatayo. Kudzadza tauni sikutanthauza kudya bwalo. Anthu akamachuluka mpamene bwalo limafunika kwambiri, chifukwa wa ku Borrowdale mwana wake amasewera pa kapinga wa pakhomo, wanu akalandidwa bwalo asewera mumsewu ndi mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu mopanda chilolezo. Akafuna nyumba zambiri amange zosanjikizana kufupi ndi mashopu ndi misewu ikuluikulu komwe mapaipi alipo kale, kapena alole anthu kuwonjezera zipinda mwadongosolo. Masitandi khumi pa bwalo sangathetse vuto la nyumba mu chigawo chomwe kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni, angolemeretsa wogawayo basi.

Za kadamboko ndiye nkhani ina. Madambo a Harare ndi omwe amasunga madzi a mvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono kupita mu Marimba ndi Mukuvisi mpaka ku Lake Chivero, damu la 1952 lomwe tonse timamwa. Damuli lili kumunsi kwa tauni, ndiye chomwe tataya chimatibwerera pampopi. Mukathira simenti padambo zitsime zimauma msanga, dzinja nyumba zomwezo madzi mpaka m'mawondo. Dambo la Monavale analiteteza, linalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse 2013, chifukwa anthu okhala pafupi anaumirira. Inunso alimi a chimanga ndikunong'onezeni, feteleza ndi khasu padambo nazo zimawononga, musadzadabwe akadzakuuzani.

Chochita: musazule zikhomo, mungamangidwe zaulere. Pitani ku ofesi ya khonsolo ya dera lanu, anthu angapo osati nokha, mupemphe kuona pulani ya malowo kuti analembedwa kuti ndi a chani. Ngati ndi malo osewerera, kuwasintha kumafuna chidziwitso mu nyuzipepala ndipo anthu ali ndi ufulu wokana, lembani kalata, asainire ambiri, kope imodzi akudindireni musunge. Za dambo kauzeni a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo a Harare Wetlands Trust ndi Combined Harare Residents Association nkhani zotere amazidziwa. Wina akabwera nkumati lipirani kaye dipoziti tikusungireni sitandi pomwepo, mufunseni pepala la khonsolo kaye, ambiri agwetseredwa nyumba atamanga kale mpaka denga.