Kodi ndigule njinga ya Giant?

Funso: Ndapeza njinga ya Giant yakaunjika, ya magiya ambirimbiri. Tsiku lililonse ndimakwera zitunda za kuno. Ndiigule? Wowerenga wa ku Dedza.

Yankho: Achimwene, Giant ndi kampani ya ku Taiwan, inayamba mu 1972, ndipo njinga zake ndimazikhulupirira. Zambiri felemu yake ndi ya aluminiyamu: yopepuka, yosachita dzimbiri, pachitunda mumangosintha giya n'kumapita. Koma ikang'aluka, wowotcherera wa pamsika sangaithe. Ndiye musanatulutse ndalama, pukutani fumbi pakhosi pa felemu ndi pansi pa chishalo, muyang'anitsitse ngati palibe mng'alu. Magiya ake, ngati ndi a kampani ya Shimano, akatha, mtengo wake umaboola m'thumba.

Ngati cholinga n'kunyamulira matumba a kachewere, isiyeni. Ine ndingagule yachitsulo ya kaliyala.