Laputopu ya magemu yafa waranti itangotha, ndikonze kapena ndigulitse masipeya?

Achimwene ena a ku Blantyre anditumizira imelo, ndaidula pang'ono poti inali yaitali komanso mkwiyo unalimo wambiri. Akuti: "Laputopu yanga ya magemu anandigulira akulu anga ku Joni chaka chatha. Waranti inali ya chaka chimodzi, yatha mwezi wathawu. Ndili mkati mosewera sikirini inangoda bii, mafani n'kuyamba kulira kwambiri. Pano ndikayatsa kiyibodi imayaka, fani imazungulira, koma pa sikirini palibe chikuoneka. Wokonza wina wati motherboard yapita ndigule ina, mtengo wake pafupifupi theka la laputopu yatsopano. Wina wati aiwotcha GPU ndi heat gun idzuka. Ndipange bwanji?"

Pepani achimwene, zimawawa izi. Koma anthu awiri onsewo musawapatse kaye laputopuyo, makamaka wa heat gun (chida chouzira mpweya wotentha kwambiri) uyo. Palibe mwa iwo amene wakuuzani chomwe chafa. Mawu oti motherboard (bodi yaikulu ya mkati mwa laputopu) yapita ndi osavuta kunena, paja pa laputopu ya magemu CPU (ubongo wa kompyuta), GPU (chip chopanga zithunzi za magemu) ndi memory ya GPU zonse ndi zomatidwa pa bodi imodzi yomweyo, ndiye kaya chafa ndi ka capacitor kochepa ngati njere ya mpunga kaya ndi GPU yeniyeniyo, munthu waulesi yankho lake limakhala lomwelo.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, yambani ndi kampani yomwe inapanga. Tembenuzani laputopu, pansi pali serial number, ilembeni pa webusaiti yawo muone tsiku lomwe iwo akuti waranti inayamba. Makampani ambiri akapanda kuona risiti amawerengera kuyambira pomwe katundu anachoka kufakitale kapena pomwe anafika kwa ogulitsa, osati tsiku lomwe akulu anu analipira, ndiye masiku a pa kompyuta yawo ndi a pa risiti amatha kusiyana. Auzeni akulu anu asakesake risitiyo, ngakhale ya pa imelo. Ngati waranti yathadi, alembereni ndithu kampaniyo mwaulemu, mutchule kuti laputopu yafa patangodutsa milungu yochepa ndipo mupemphe chomwe iwo amachitcha goodwill repair, kutanthauza kukukonzerani mwa chifundo chabe waranti itatha. Sakakamizidwa kuvomera ayi, koma nthawi zina amavomera, makamaka ngati munadandaulapo kale za kutentha kapena kuzimazima waranti ikadalipo ndipo nambala ya dandaulo lija muli nayo. Mufufuzenso ngati anthu ena a model yomweyo akulira ndi vuto lomweli. Zinachitikapo mu 2008, ma chip a Nvidia a GeForce 8400M ndi 8600M ankafa ndi kutentha m'malaputopu a Dell, HP ndi Apple, Nvidia mpaka anaika pambali ndalama pafupifupi madola 200 miliyoni, ndipo Apple inkakonza MacBook Pro ulere ngakhale waranti itatha. Vuto likakhala la anthu ambiri kampani imafewa.

Za malamulo musadalire kwambiri poti inagulidwa ku South Africa. Consumer Protection Act ya kumeneko ya 2008 imakutetezani miyezi 6 yokha kuchokera pomwe mwalandira katundu. Akanakhala kuti anagulira ku England nkhani ikanakhala ina, kuja malamulo amalola kukadandaula kwa wogulitsa mpaka zaka 6 bola muonetse kuti vutolo linalipo chigulire. Chinanso, waranti zambiri ndi za dziko lomwe munagula, ndiye akavomera mwina laputopuyo ikwera basi kubwerera ku Joni. Muikulunge bwino, ndipo SSD (kachipangizo kosunga mafayilo anu) muichotse kaye kapena mukopere zonse.

Akakana, pali zoti muyese nokha kunyumba osalipira munthu. Zulani chaja, dinikizani batani loyatsira kwa mphindi yathunthu, kenako muyatsenso. Ikayaka dinani Caps Lock muone ngati kagetsi kake kakuyaka ndi kuzima, kakamatero ndiye kuti makinawo ali moyo, vuto lili cha ku sikirini. Zimitsani magetsi m'chipinda muwalitse tochi ya foni pafupi ndi galasi chopendekera, mukaona chithunzi chozimiririka ndiye kuti chafa ndi backlight (magetsi owalitsa sikirini kumbuyo kwake) kapena ka fyuzi kake kapena chingwe chodutsa pa hinji, zinthu zotchipa poyerekeza ndi bodi. Kenako lumikizani ku TV ndi HDMI. Apa pali kachinsinsi, pa malaputopu ambiri a magemu HDMI imachokera ku GPU ya Nvidia pomwe sikirini ya laputopu imadyetsedwa ndi graphics ya mkati mwa CPU, ndiye TV ikaonetsa chithunzi choyera bwino, GPU imene akufuna kuiwotchayo ilibe mlandu.

Ngati manja anu sanjenjemera tsegulani pansi, zulani kaye batire, chotsani RAM (timandodo ta memory ya kompyuta) muyese ndodo imodzi imodzi. RAM ikakhala ya mtundu wa DDR5 musafulumire kutaya mtima, mukaisuntha imatha kukhala sikirini yakuda mphindi imodzi kapena kupitirira isanayake. Muyang'anenso chaja. Malaputopu awa amafuna 180W, 230W, ena kuposa apo, ndipo ndi mmene magetsi amazimirazimira kwathu kuno n'kubwera mwamphamvu, chaja imatha kufooka osafa kwenikweni. Ngati ili ndi kagetsi ndipo kamazima mukangoilowetsa mu laputopu, pa bodi pali shoti.

Zonsezi zikakanika ndiye nthawi ya wokonza, koma wokonza wake. Mukalowa mu shopu yang'anani pa tebulo. Munthu wokonza bodi amakhala ndi multimeter, bench power supply, microscope, ndipo pa kompyuta yake pamakhala schematic kapena boardview (mapu a bodi) ya model yanu. Amayamba ndi kuyeza ngati 19V kapena 20V ya chaja ikulowa, kenako 3.3V ndi 5V, kenako magetsi opita ku CPU ndi GPU, mpaka apeze pomwe njira yaduka. Akapeza shoti amalowetsa magetsi ochepa, mwina 1V, n'kudontheza isopropyl alcohol pa bodi, ndiye mumangoona pamalo amodzi pauma msanga kuposa pena ponse, kachipangizo kotentha ndi komweko. Ena ali ndi thermal camera. Nthawi zambiri wapalamula amakhala capacitor kapena MOSFET (kaswitchi kakang'ono ka magetsi pa bodi), zinthu zoti amachotsa pa bodi ina yakufa. Mumufunse funso limodzi lokha, "mwayeza chani ndipo mwapeza ma volti angati?" Akayamba kukanda mutu nyamulani katundu wanu.

Koma ndisakunamizeni, pali pomwe nkhani imaipa. MOSFET yodyetsa GPU ikapsa moshota, 19V ija imatha kudutsa molunjika kukalowa mu chip chomwe chimagwira ntchito ndi pafupifupi 1V, ndipo chip chotero chapita basi. Mmene mwafotokozera, kuda mkati mwa gemu mafani n'kukuwa, zitha kukhala izi, zithanso kukhala zazing'ono. N'chifukwa chake ndikuti ayeze.

Za heat gun ija. GPU imakhala pa timipira ta solder (chitsulo chomatira) mazanamazana pansi pake, ndipo solder ya masiku ano yopanda lead imasungunuka cha m'ma 217°C. Munthu wongouzira moto pamwamba sadziwa kuti pansipo pafika pati, bodi imapindika, ma chip a memory oyandikana nawo amapsa. Chomwe chimapusitsa anthu n'choti nthawi zina imadzukadi, chifukwa kutentha kumagwirizitsa kwakanthawi timalumikizo tothyoka mkati mwa chip momwemo, mumalipira, mumapita kunyumba mukusekerera, pakapita milungu ingapo yafanso, ndipo pano katswiri weniweni uja sangaithandizenso poti yawaulidwa kale. 

Musanaisiye kwa aliyense chotsani SSD, ndi kandodo ka M.2 komangidwa ndi sikuluwu imodzi. Komanso lowani mu akaunti yanu ya Microsoft pa foni mukopere BitLocker recovery key (manambala 48 otsegulira disiki yokhomedwa), chifukwa Windows 11 pa malaputopu ambiri imakhoma disiki yokha osakuuzani, ndipo bodi ikasinthidwa idzakufunsani manambala 48 amenewo. Opanda iwo mafayilo anu simuwaonanso.

Nanga akayeza n'kupeza kuti GPU yafadi? Ine bodi yatsopano ya theka la mtengo sindingagule, poti batire, mafani ndi mahinji zikhala zakale zomwezo. Bodi yogwiritsidwapo kale ya pa eBay kapena AliExpress imatsikirako, koma part number ifanane ndendende, ndipo ndi mavuto a forex apa muwerengerenso zotumizira ndi msonkho, komanso kuti ikafika yakufa kubweza n'kovuta. Pa ma model ena wokonza wodziwa amatha kuidula GPU yakufayo kuti laputopu iziyenda ndi graphics ya mu CPU, magemu akuluakulu mwatsanzikana nawo koma ya sukulu kapena ya ntchito mwapeza. Apo ayi gulitsani sikirini, RAM, chaja ndi kiyibodi padera padera, zimabweretsa zambiri kuposa kugulitsa yonse ngati yakufa.

Ikadzuka, muuzeni wokonzayo atsuke mafani asinthe ndi thermal paste (phala lopaka pa chip lothandiza kuchotsa kutentha) nthawi yomweyo, fumbi la mu Okutobala limatseka ma heatsink (zitsulo zoziziritsa ma chip) ngati bulangete. Achenjere ngati ili ndi liquid metal (chitsulo chamadzimadzi chopaka pa chip m'malo mwa thermal paste), monga ma ASUS ROG ambiri kuyambira 2020, chifukwa kadontho kamodzi kakagwera pa bodi ndi shoti ina. Ndipo akulembereni pa risiti chomwe wasintha ndi miyezi yomwe akuikira kumbuyo ntchito yakeyo. Mundilemberenso mukayesa za TV ndi tochi zija, munditumizire model ndi zomwe mwaona.