Ana ayambe ajambula, ndakatulo ibwera yokha

Madamu, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti muli ndi ana oposa 90 mu Sitandade 4, makrayoni mulibe, ndipo mukawauza kuti alembe ndakatulo, theka la kalasi limangokopera ya m'buku la Chichewa, enawo n'kulemba "Edzi iwe Edzi". Inenso ndinadutsa momwemo zaka zingapo, ndiye ndikuuzeni zomwe zinandithandiza.

Mwina vuto si anawo, ndi mitu yomwe timawapatsa. "Ufulu wa ana", "Kusamala zachilengedwe", imeneyi ndi mitu ya pamsonkhano wa akuluakulu. Mwana wa zaka 10 akaimva amangobwereza zomwe anamva pa wailesi. Ine ndinasiyiratu kulemba mutu pabolodi. Ndinkatuluka nawo panja, pansi pa mtengo wa mango, aliyense ajambule pamchenga ndi kamtengo chinthu chimodzi chomwe waona m'mawa pobwera kusukulu. Chimodzi chokha basi.

Kamtsikana kena, kamene m'kalasi sikankatsegula pakamwa, kanajambula mbuzi ya miyendo isanu. Ndinanjuta pambali pake n'kufunsa kuti mbuziyi yatani. Akuti yadya sopo wa agogo. Nanga kukamwa kwake kunali bwanji? "Thovu mbee!" Agogo? "Ndodo m'manja, mbuzi liwiro." Ndinangomuuza kuti zimene wanenazo alembe, chilichonse pamzere wakewake. Inatuluka ndime ya mizere inayi, ndipo atailakatula kalasi yonse inagwa ndi phwete. Mwendo wachisanuwo sindinaufunse, mpaka lero sindikudziwa kuti unali wa chiyani.

Apa pali chuma chimene timachiiwala: mivekero. Mbee, psuu, bii, zii, khuuu. Ana amaidziwa kuposa ife, ndipo ndi imene imapatsa moyo ndakatulo ya Chichewa. Musawavutitse kuti mizere izithera mofanana ngati ndakatulo zachingerezi. Kwathu kuno ndakatulo imayenda ndi kubwereza mawu komanso kamvekedwe, monga nyimbo za pamtondo. Ndagi nazonso ndi khomo labwino: mukati "Ndagi!" iwo "Gize!", kenaka aliyense apeke yake yokhudza chomwe wajambula. Mwana wopeka ndagi wayamba kale kufanizira chinthu ndi chinzake.

Za zipangizo, kumbukirani TALULAR ya ku koleji ija, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwe. Makala amapereka mtundu wakuda, njerwa yoperapera wofiira, phulusa wotuwa, masamba a nyemba otikita wobiriwira. M'malo mwa mapepala, pemphani makatoni kugolosale ndi matumba a simenti kwa amisiri omanga. Guluu ndi kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, kamagwira bwino makoko a chimanga ndi nthenga za nkhuku. Dongo la kudambo nalonso ndi laulere, koma zoumba zanu muziumitse m'chipinda chotseka. Zanga ndinazisiya pakhonde Lachisanu, pofika Lolemba zinali zidutswa zokhazokha, ana kulira.

Ana 90 simungawachongere onse tsiku limodzi, musadziphe. Agaweni m'magulu a anthu khumi, sabata iliyonse magulu awiri alakatule kutsogolo, zojambula zawo zipachikidwe pachingwe ndi minga kapena tizitsotso. Ndipo cholembera chofiira chija chipume kaye. Mwana akalemba "mbudzi" m'malo mwa "mbuzi", mukonze pa phunziro la kalembedwe mawa lake, osati pa ndakatulo yake yoyamba.

Ahedi akadzati mukutaya nthawi, awonetseni ndondomeko ya maphunziro: Expressive Arts ilimo, ndakatulo zilimo m'Chichewa, ndipo anawa akadzafika Sitandade 8 adzakumana ndi pepala la Arts and Life Skills pa mayeso a MANEB. Athu atamva choncho anangoti chabwino, bola makalawo asafike pakhoma la ofesi. Anafikabe, koma imeneyo ndi nkhani ina.