Funso la Hitler ndi Ayuda: usayambire kumapeto

Mtsikana wina wa Fomu 4 wandilembera kuti: "Ankolo, akatifunsa mmene chipani cha Nazi chinazunzira Ayuda, ine ndimalemba kuti anapha anthu 6 miliyoni, koma malikisi sakwera. Ndikulakwitsa pati?"

Mwana wanga, nambalayo ndi yoona, koma wayambira kumapeto kwa nkhani. Woonga mayeso akufuna aone ngati ukudziwa mmene zinafikira pamenepo.

Yamba ndi chiphunzitso chawo. Hitler ankati Ajeremani ndi mtundu wapamwamba, ndipo Ayuda ndiwo anagwetsa dziko pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Linali bodza, koma atatenga boma mu Januwale 1933, bodzalo linasanduka lamulo. Mu Epulo chaka chomwecho, anthu anauzidwa kuti asagule m'masitolo a Ayuda, ndipo Ayuda anachotsedwa ntchito m'boma. Mu 1935 malamulo a ku Nuremberg anawalanda unzika n'kuletsa ukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani. Apa ndipo uyenera kuchedwapo. Boma linkayang'ana agogo a munthu: wokhala ndi agogo atatu kapena anayi achiyuda ankawerengedwa Myuda, ngakhale atabatizidwa kutchalitchi. Amene ankalemba mayinawo anali makalaliki wamba, anthu opita kusukulu, ndipo ine zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Kenako usiku wa pa 9 Novembala 1938 masunagoge anatenthedwa, amuna pafupifupi 30,000 anamangidwa, ndipo pasanathe sabata ana achiyuda anathamangitsidwa m'sukulu za boma. Ana amsinkhu wako, ena akukonzekeranso mayeso. Ukafotokoza zimenezi, ndiye ufike ku Auschwitz, msasa wopherako anthu, ndi 6 miliyoni uja.

Usaiwale kuti sanali Ayuda okha. Aromani (mtundu wa anthu omwe ena amawatcha ma Gypsy) anaphedwa, anthu aulumali anayamba kuphedwa mu 1939, ndipo mu 1937 ana obadwa kwa asilikali achikuda kudera la Rhineland ku Germany anachitidwa opaleshoni mokakamiza kuti asadzabereke. Ophunzira ambiri sazitchula.

Wanenanso kuti umalakalaka uloya. Limbikira History ndi Chingerezi, chifukwa ukadzafika ku University of Malawi ku Zomba, ntchito yako idzakhala yomweyi: kuwerenga lamulo n'kufunsa kuti likupweteka ndani.

Sabata ino tenga pepala limodzi, ulembe 1933, 1935, 1938 ndi 1939, pansi pa chaka chilichonse ziganizo ziwiri za m'mutu mwako, buku litatsekedwa. Ukawaonetse aphunzitsi ako akuongere.