Ndiike supercharger pa 150 yanga?

FUNSO: Akulu, ine ndimapanga kabaza pakati pa Ntcheu ndi Dedza. Njinga yanga ndi ya 150cc koma ikafika pachitunda nditanyamula kasitomala ndi thumba lake la mbatata imangolira osayenda. Ndaona pa Facebook akugulitsa kafani kolumikiza ku batire, akuti ndi supercharger, ati mphamvu zimakwera pompopompo. Ndigule? Wakabaza, Ntcheu

YANKHO: Achimwene, ndalama yanuyo isungeni, kafaniko musagule.

Supercharger yeniyeni iliko ndipo imagwiradi ntchito. Injini imapeza mphamvu powotcha petulo ndi mpweya, ndipo kilo imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana makilo pafupifupi 14.7, ndiye chomwe chimaperewera mu silinda ndi mpweya osati petulo ayi. Supercharger imapanikizira mpweya wambiri mu silindamo, mukawonjezera petulo wofanana nawo mphamvu zimakwera. Imazunguzidwa ndi injini yomweyo kudzera pa lamba kapena magiya, pomwe turbo imazunguzidwa ndi utsi wa ku ekizozi. Si zachilendonso izi, mu 1939 Georg Meier anapambana mpikisano wa njinga zamoto wa Senior TT pachilumba cha Isle of Man pa njinga ya BMW yokhala ndi supercharger, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha masupercharger anawaletsa m'mipikisano ikuluikulu ya njinga mu 1946.

Tsopano taonani zomwe a Kawasaki anachita pa njinga yawo ya Ninja H2 ya 2015. Injini yake ndi 998cc, masilinda anayi, imazizira ndi madzi, ndipo kapupa ka supercharger kamazungulira pafupifupi ka 130,000 pa mphindi imodzi. Inzake ya H2R, yomwe ndi ya pabwalo la mpikisano pokha, imatulutsa mahosipawa opitirira 300. Koma sanangotenga injini yakale n'kumata chinthucho pamwamba, anapanga injini yonse mogwirizana nacho, kompulesheni (mmene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda) anaitsitsa kufika 8.5:1, mapisitoni ndi opirira kutentha, ndiponso kompyuta ndi yomwe imayeza petulo ndi nthawi yoyatsira pulagi. Ndiye kafani ka mavoti 12 kodalira kabatire ka njinga yanu kangapanikize mpweya wanji? Kamangopemerera basi, mwinanso injini ikakwera kamatchinga njira ya mpweya n'kumakudyerani batire.

Ngakhale mutapeza yeniyeni ine sindingakuuzeni kuti muike. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, pomwe injini yanu ndi ya silinda imodzi yozizira ndi mphepo chabe, ndipo pachitunda mukuyenda pang'onopang'ono ndi katundu mphepoyo imachepanso. Kabureta ikalephera kupereka petulo wokwanira, moto umayamba kuphulika mosalongosoka, mumamva kuti ngwengwengwe mkati ngati mwaponyamo timisomali, kenako pisitoni imabooka pamwamba kapena gasiketi kupsa. Kilatchi nayo imayamba kuterera, njinga idzimwa mafuta ambiri, ndiye phindu la tsikulo lithera pa filing'i siteshoni ndi kwa makaniko. Zimandiwawa kuona mnyamata amene akubwezabe ngongole ya njinga akupha injini chifukwa cha malonda a pa intaneti.

Kudandaula kwanu n'komveka ndithu, Dedza ndi kumtunda, pafupifupi mamita 1,600, mpweya ndi wopepuka ndiye injini iliyonse imafookako poyerekeza ndi ku Salima kunyanja. Koma njinga zambiri za kabaza zomwe zimakanika chitunda vuto limakhala losavuta. Masulani fyuluta ya mpweya muione, nthawi ya fumbi imakhala itatsekeka ngati thope louma. Makaniko ayeze mpata wa mavalavu, aone pulagi ngati yada ndi mwaye, atsuke kabureta, tcheni mumange bwino n'kuthira oilo, matayala akhale ndi mpweya wokwanira. Ngati injini ikulira kwambiri koma liwiro osakwera, ndiye kuti mapuleti a kilatchi atha.

Zonsezo zikakhala bwino sinthani sipuloketi yakumbuyo muike ya mano ambiri. Mwachitsanzo kuchoka pa mano 40 kupita pa 44, tayala limakoka ndi mphamvu yowonjezera 10 peresenti pagiya iliyonse, kungoti liwiro la pamtetete litsikako pafupifupi chimodzimodzi ndipo mwina mufunika tcheni yotalikirapo. Mugule masipuloketi onse awiri ndi tcheni nthawi imodzi kuti zidzithera limodzi, ndipo tsiku lomwelo makaniko aonenso mabuleki, chifukwa zitunda za ku Dedza mumazitsikanso ndi kasitomala yemweyo ndi mbatata zake.